Utsi m'ndege: mphindi 17 zolimbana ndi moto wobisala

Dzuwa linali lisanalowe madzulo a pa 2 Juni 1983 pamene wapaulendo wina wa kumipando yakumbuyo kwenikweni anakodola mayi wothandiza anthu m'ndege n'kumuuza kuti akumva kafungo kachilendo.

Ndegeyo inali DC-9 ya kampani ya Air Canada. Inanyamuka ku Dallas m'dziko la America pa ulendo wa ku Montreal kudzera ku Toronto, ndipo inali pamtunda wa mamita 10,000 kuchokera pansi. Munali anthu 46.

Mayiyo analondola fungolo mpaka pakhomo la chimbudzi. Atakankha chitseko pang'ono anapeza kachipindako kali tho ndi utsi wotuwa, kuyambira pansi mpaka kudenga.

Koma moto sanauone.

Mkulu wa othandiza anthu anabwera ndi chozimitsira moto, anapopera m'kachipindamo n'kutseka chitseko. Utsi unayamba kuoneka ngati ukuchepa, ndipo uthenga umene unafika kwa kaputeni Donald Cameron unali woti zinthu zayamba kukhala bwino. Iye anaganiza kuti ayaka ndi mapepala a m'bini, choncho sanafulumire kutsika. Pamenepo n'kuti moto weniweni uli kuseri kwa khoma, ukunyeketsa nthambo za magetsi ndi kukwawira kudenga, pamwamba pa mitu ya anthu.

Posakhalitsa zipangizo za oyendetsa ndege zinayamba kuzima chimodzichimodzi. Cha m'ma 7:08 anaitana a pansi kuti ali pangozi, n'kuloza ku Cincinnati. Othandiza anthu anasamutsira apaulendo kutsogolo, anawagawira tinsalu tonyowa toti aphimbe mphuno ndi pakamwa, ndipo anaonetsa ena mmene angatsegulire zitseko za pamapiko. Utsi wakuda bii unatsika kuchokera kudenga mpaka munthu sankaonanso mnzake wokhala naye pafupi.

Ndege inatera bwinobwino pa 7:20. Zitseko zitatsegulidwa, mphepo yakunja inalowa, ndipo pasanathe masekondi 90 mkati monse munangoti lawi nthawi imodzi.

Anthu 23 anatuluka amoyo. Ena 23 anafera momwemo, mmodzi mwa iwo woyimba wodziwika wa ku Canada, Stan Rogers, wa zaka 33. Ena anapezeka chakumbuyo, atapitirira zitseko za pamapiko chifukwa sanazione mu utsiwo.

Zambiri zimene wapaulendo amaona lero akakwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kapena ku Chileka zinabwera pambuyo pa maliro amenewa: timagetsi tondandalika pansi m'kanjira ka pakati pa mipando, kachipangizo konunkhiza utsi kudenga la chimbudzi, ndi mipando yokutidwa ndi nsalu yosagwira moto msanga. Anthu ambiri sazilabadira n'komwe.

Nkhani ya utsi m'ndege yabwereranso m'kamwa mwa anthu chifukwa cha mavidiyo amene akuyenda pa Facebook ndi WhatsApp. Pa 28 Januwale 2025 ndege ya Air Busan inapsa denga lonse pa bwalo la Gimhae ku South Korea isananyamuke, moto utayambira m'kabati ya katundu ya pamwamba pa mipando. Anthu onse 176 anapulumuka, ndipo ofufuza analoza chala power bank ya wapaulendo. Mu Okutobala chaka chomwecho batire lina linayaka m'kabati ya ndege ya Air China yochokera ku Hangzhou kupita ku Seoul, ndegeyo n'kukatera mwadzidzidzi ku Shanghai. Bungwe loona za ndege ku America, la FAA, linalemba ngozi 89 za mabatire ofuka utsi, otentha kwambiri kapena oyaka m'chaka cha 2024 chokha.

Ndiye kumwambako kukafuka utsi, ogwira ntchito m'ndege amatani?

Choyamba amayang'ana nthawi. Ofufuza ngozi a ku Canada anasanthula ndege 15 zimene zinagwira moto zili m'mlengalenga pakati pa 1967 ndi 1998. Anapeza kuti kuchokera pamene moto wadziwika kufikira pamene ndege yagwa kapena yatera mokakamizika pankadutsa mphindi zoyambira 5 mpaka 35. Pakatikati pake zinali mphindi 17.

Ndege imene ili pamtunda wa mamita 11,000 imafuna pafupifupi nthawi yomweyo kuti itsike n'kufika pa bwalo, ngati bwalolo lili pafupi.

N'chifukwa chake mwambi uja wakuti utsi sufuka popanda moto, kwa anthu a ndege ndi lamulo la pantchito. Utsi uliwonse, fungo lililonse la chinthu chopserera, amalitenga kuti ndi moto mpaka atatsimikiza kuti si moto. Sadikira kuona malawi, chifukwa moto woopsa kwambiri m'ndege ndi umene uli kuseri kwa makoma, pansi pa mipando kapena kudenga, kumene kumadutsa nthambo za magetsi zotalika makilomita ambirimbiri.

Nthawi zambiri gwero limakhala laling'ono. Ma uvuni a m'khitchini ya ndege ndi amene amavutavuta: mafuta a chakudya otsalira pansi, kapepala koiwalika pa thireyi, kapena kafani kopsa. Pamenepo wothandiza anthu amazimitsa magetsi a uvuniyo ndipo chitseko chake sachitsegula, kuti motowo ufe wokha posowa mpweya. Palinso magetsi owunikira, tima TV ta pamipando, ndi fodya. Mu Julayi 1973 ndege ya Varig ya ku Brazil inatera m'munda pafupi ndi bwalo la Orly ku Paris moto utayambira m'chimbudzi, ndipo anthu 123 anafa, ambiri ndi utsi. Ofufuza anakayikira ndudu yotayidwa m'bini ya mapepala. Kusuta m'ndege kunaletsedwa kalekale, komabe pachitseko cha chimbudzi pamakhalabe kambale kozimitsira ndudu, ndipo ndi lamulo kuti kakhalepo. Cholinga chake n'chakuti munthu wosamva akasuta mobisa, asakaponye nduduyo m'mapepala. Bini yakeyo ilinso ndi kabotolo kozimitsa moto kamene kamatseguka kokha kukatentha.

Utsi wina umachokera ku injini. Mpweya umene anthu amapuma m'ndege zambiri umapatutsidwa mu injini usanakumane ndi mafuta oyaka, n'kuziziritsidwa, kenako n'kulowetsedwa mkati. Malo otchinga oilo akatha kapena akasweka, oiloyo amagwera mumpweya wotenthawo n'kusanduka utsi woyera umene umatulukira m'timabowo tonse nthawi imodzi. Ogwira ntchito amati fungo lake limafanana ndi la masokosi akuda. Ndege ya Boeing 787 ndiyo inasiya njira imeneyi, imakoka mpweya wake kunja ndi makina a magetsi.

Palinso nkhungu yoyera imene imatsika m'mabowo a mpweya ndege ikaima pa bwalo lotentha ndi lachinyezi monga la Dar es Salaam. Imeneyi ndi nthunzi chabe, ilibe fungo ndipo imazimirira yokha. Wothandiza anthu wophunzitsidwa bwino amazisiyanitsa ndi mphuno.

Utsi ukakhala weniweni, othandiza anthu sathamangira onse pamalo amodzi. Amagawana ntchito patatu, ndipo kagawidwe kake aliyense amakadziwa kale kuchokera ku maphunziro amene amabwereza kawirikawiri.

Amene wayamba kuona utsi ndiye wozimitsa. Sachoka pamalopo kukafuna wamkulu wake. Amaitana mnzake mokweza, n'kutenga chozimitsira moto chimene chili pafupi.

Wachiwiri amagwira foni ya mkati mwa ndege ndi kulankhula ndi oyendetsa, ndipo saiika pansi mpaka zonse zitatha. Ntchito imeneyi imaoneka yopepuka, koma ngozi ya Cincinnati inaonetsa kuti ndi pomwe pagona moyo wa anthu. Oyendetsa ndege ali kuseri kwa chitseko chokhoma, sakuona chilichonse cha kumbuyo, ndipo zochita zawo zimadalira mawu amene akumva. Choncho wolankhulayo amanena zimene maso ake akuona basi: utsi ukuchokera pati, ndi wamtundu wanji, ukununkha bwanji, ukuchuluka kapena ukuchepa, malawi akuoneka kapena ayi, zozimitsira zagwiritsidwa zingati ndipo zatsala zingati. Saloledwa kukometsa nkhani pofuna kukhazika mtima wa kaputeni pansi. Utsi kuchepa sikutanthauza kuti moto wazima.

Wachitatu ndi wothandizira. Amabweretsa zozimitsira zina, amachotsa mabotolo a okosijeni ndi katundu pafupi ndi motowo, amasamutsa anthu, ndipo amavala chisoti cha utsi kukonzekera kulowa m'malo mwa mnzake akatopa.

Chisoti chimenechi n'chofunika kuchiona pafupi. Chimasungidwa m'kabokosi, chitamatidwa m'thumba lochotsedwa mpweya. Munthu amang'amba thumbalo, amachikutumula kuti chitambasuke, kenako amalowetsa manja onse awiri m'khosi mwake, momwe muli mphira wothina, n'kuutanula kuti mutu ulowe. Tsitsi lonse liyenera kulowa mkati, kolala ya malaya isapanikizike pa mphirawo, apo ayi utsi upeza polowera. Mitundu ina imayamba yokha kutulutsa okosijeni, ina imafuna kukoka kachingwe. Mkatimo mumatentha, mumamveka kusokosera kwa mpweya, ndipo mawu a munthu amatuluka ngati akulankhulira m'chitini. Chimapereka mpweya kwa mphindi zosachepera 15. Atavala chimenechi, m'kanjira kopapatiza, ndege ikutsika mothamanga, mtsikana kapena mnyamata amene mphindi zingapo zapitazo amathira anthu tiyi ndiye ozimitsa moto yekhayo amene ndegeyo ili naye.

Amasaka motowo ndi kuseri kwa dzanja. Amapapasa makoma, zitseko za makabati ndi denga kufuna pamene patentha, ndipo amatero ndi kuseri chifukwa khungu lake limamva kutentha msanga, komanso chikhatho chikapsa sangagwirenso chida. Akapeza malowo amakanula khomalo pang'ono ndi chitsulo kapena kankhwangwa kamene kamasungidwa m'ndege, kampata kongokwanira kamwa la chozimitsira, n'kupopera mkati. Chitseko cha chimbudzi chikakhala chotentha sachitsegula chonse. Amachikankha pang'ono atagwada, amapopera botolo lonse, n'kutsekanso.

Botolo limodzi la halon, mankhwala amene akhala akuzimitsira moto m'ndege kwa zaka zambiri, limatha m'masekondi pafupifupi 10. Palibe lotaya. Halon akusinthidwa pang'onopang'ono ndi mankhwala ena chifukwa amawononga mlengalenga, koma kuchepa kwa nthawiko n'komweko. Malawi akazima, amathira madzi pa mapepala kapena nsalu zotsala, ndipo munthu mmodzi amalondera pamalopo mpaka ndege itatera.

Kutsogolo, oyendetsa ndege amayamba ndi kudziteteza okha. Masiki awo anapangidwa kuti avalidwe ndi dzanja limodzi m'masekondi 5, ndipo amapereka okosijeni wosasakaniza, wokankhidwa mwamphamvu kuti utsi usalowe m'mbali. Amavalanso magalasi otchinga maso. Kenako mmodzi amagwira ndege ndi kulankhula ndi a pansi, winayo amawerenga ndondomeko ya utsi mzere ndi mzere: kuzimitsa mafani ozunguza mpweya, kudula magetsi a kukhitchini ndi a tima TV, kutseka mpweya wochokera ku injini imene akuikayikira. Fyuzi ikadzidula yokha saibwezeretsa mwachisawawa. Pa ndege ya Air Canada ija, mafyuzi atatu a pampu ya chimbudzi anadzidula mphindi zingapo utsi usanaoneke, ndipo oyendetsa anayesa kuwabwezeretsa osadziwa kuti chinali chizindikiro choyamba.

Ndondomeko za masiku ano zimatchula kutera kumayambiriro kwenikweni. Kale sizinali choncho, ndipo chimene chinasintha zinthu ndi ngozi ya Swissair.

Usiku wa pa 2 Sepitembala 1998, ndege ya MD-11 inanyamuka ku New York kupita ku Geneva ndi anthu 229. Patatha mphindi 53, kaputeni Urs Zimmermann ndi mnzake Stefan Löw anamva fungo m'chipinda chawo, kenako anaona kautsi pang'ono. Anaganiza kuti kakuchokera m'makina oziziritsa mpweya. Anauza a pansi kuti ali ndi vuto lofunika changu, koma poyamba sananene kuti ali pangozi yoopsa, ndipo anapatsidwa bwalo la Halifax ku Canada. Ndege inali pamwamba kwambiri komanso yolemera ndi mafuta a ulendo wonse, choncho anakhotera kunyanja kuti atsike ndi kutaya mafuta ena. Pamwamba pa mitu yawo, nthambo ya magetsi inali itathetheka n'kuyatsa zofunda zonyezimira zotchinga kuzizira, zimene aliyense ankakhulupirira kuti sizigwira moto.

Patatha mphindi 21 kuchokera pa fungo loyamba, ndege inagwera m'nyanja pafupi ndi Peggy's Cove. Palibe anapulumuka.

Kafukufuku wake anatenga zaka zoposa zinayi, ndipo anapeza kuti ngakhale oyendetsawo akanalunjika ku Halifax nthawi yomweyo, sakanafika. Choncho si chilungamo kuwaimba mlandu. Koma ngoziyo inaonetsa kuti ndondomeko zakale zinkatayitsa nthawi posaka gwero la utsi, kutera n'kumabwera kumapeto kwa tsamba. Zofunda za mtundu umenewo zinachotsedwa m'ndege mazanamazana, ndipo makampani opanga ndege, oyendetsa ndi mabungwe oona za chitetezo anagwirizana mfundo yatsopano: gwero la utsi likapanda kudziwika ndi kuzimitsidwa msanga, tembenukira ku bwalo lapafupi pompo, zina zonse uzichita uli m'njira. Ndege ikhoza kutera ili yolemera kuposa muyezo. Matayala ndi mabuleki zikawonongeka zimakonzedwa.

Anthu a kuno kummwera kwa Africa ali ndi bala lawo pa nkhaniyi. Pa 28 Novembala 1987 ndege ya South African Airways yotchedwa Helderberg, Boeing 747 yonyamula anthu kutsogolo ndi katundu kumbuyo, inkachokera ku Taipei kupita ku Johannesburg kudzera ku Mauritius. Moto unabuka m'katundu ali pakati pa nyanja ya Indian, usiku, kulibe bwalo lina lothawirako. Inagwa isanafike ku Mauritius ndipo anthu onse 159 anafa. Chimene chinayatsa motowo sichinatsimikizike mpaka lero.

Pali chinthu chimodzi chimene chimakwiyitsa apaulendo nthawi zonse utsi ukadzaza. Pa 5 Ogasiti 2019 ndege ya British Airways yochokera ku London inadzaza utsi woyera kutatsala mphindi pafupifupi 10 kuti itere ku Valencia m'dziko la Spain. Apaulendo 175 anatuluka pa zotsetserekera, ndipo ena mwa iwo anadandaula kuti masiki a okosijeni aja sanagwe kuchokera kudenga.

Sanagwe dala, ndipo oyendetsa anachita bwino.

Masiki achikasu amenewo anapangidwira nthawi imene mpweya wathawa m'ndege, osati utsi. Amapereka okosijeni pang'ono wosakanikirana ndi mpweya wa mkati momwemo, kotero wovala amakokabe utsi. Kuwonjezera apo okosijeni amakolezera moto, ndipo timabotolo timene timamupanga timatentha kwambiri tikayamba kugwira ntchito. Timabotolo totere, titanyamulidwa molakwika m'chipinda cha katundu, ndi timene tinayatsa ndege ya ValuJet ku Florida mu Meyi 1996 n'kupha anthu 110.

Chimene wapaulendo amauzidwa n'chosavuta: werama, phimba mphuno ndi pakamwa ndi nsalu, makamaka yonyowa. Aliyense amene anaphikapo ndi nkhuni zaziwisi m'khitchini yopanda zenera amadziwa kuti utsi umadzaza kumwamba, mpweya wopumika n'kutsalira pansi. Kusiyana kwake n'kwakuti utsi wa m'ndege ndi wa mapulasitiki, siponji ya mipando ndi makapeti, ndipo umakhala ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide ndi cyanide umene umakomola munthu atangoupuma kangapo. Ku Manchester mu Ogasiti 1985, anthu 55 anafa m'ndege ya British Airtours imene inali isananyamuke n'komwe, ambiri mwa iwo chifukwa cha utsi, osati kupsa.

Ogwira ntchito nawonso ndi anthu a magazi. Pa 23 Disembala 2024 ndege ya Swiss ya mtundu wa Airbus A220, yochokera ku Bucharest kupita ku Zurich, inawonongeka injini ndipo utsi unadzaza mkati. Inatera mwadzidzidzi ku Graz m'dziko la Austria. Apaulendo onse 74 anapulumuka, koma mnyamata wa zaka 23 wothandiza anthu anakomoka, ndipo anamwalira m'chipatala patatha sabata imodzi, ubongo wake utasowa mpweya. Ofufuza anayamba kuunika chisoti cha utsi chimene anavala. Imfa imeneyi iyenera kuvutitsa makampani onse a ndege, chifukwa munthu amene akutumidwa kulowa mu utsi ayenera kukhala ndi chida chimene angachidalire ndi maphunziro okwanira a kavalidwe kake.

Mdani watsopano ndiye ali m'matumba mwa apaulendo.

Foni, laputopu, power bank, fodya wa magetsi, zonsezi zili ndi mabatire a lithium. Batire lotere likaphwanyika, likapindika, likatenthedwa, kapena likakhala lopangidwa mwachinyengo, limayamba kudzitenthetsa lokha mkati. Kachigawo kamodzi kakapsa kamayatsa kanzake, ndipo moto wake umazima n'kuyambiranso, nthawi zina patapita mphindi zambiri. Pa 3 Sepitembala 2010 ndege ya katundu ya UPS inanyamuka ku Dubai ndi mabatire oposa 80,000. Utsi unachuluka m'chipinda cha oyendetsa mpaka sankaonanso zipangizo zawo. Okosijeni wa kaputeni anatha ndipo anakomoka, mnzake anayesetsa yekha kubwerera ku bwalo koma analephera. Onse awiri anafa. Mu Julayi 2013 ndege ya Boeing 787 ya Ethiopian Airlines, kampani imene ili ndi magawo 49 pa 100 a Malawi Airlines, inapsa denga itaima yopanda anthu pa bwalo la Heathrow, moto utayambira pa batire la kachipangizo kodziwitsa komwe ndege yagwera.

Kazimitsidwe ka batire n'kosiyana ndi ka moto wina wa magetsi. Wothandiza anthu amayamba ndi chozimitsira kuti aphe malawi, kenako amathira madzi ambiri, kapena chakumwa chilichonse chosaledzeretsa chimene chili pafupi, kaya ndi juwisi kaya ndi zoziziritsa kukhosi. Cholinga ndi kuziziritsa zigawo zimene sizinapse. Ayisi saikapo, bulangete safunditsa, chifukwa zonsezi zimatsekera kutentha mkati. Chipangizocho chikazizira amachimiza m'chidebe cha madzi n'kuchisunga poonekera mpaka pa bwalo.

Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati batirelo lili pamene munthu angalifikire. Ndicho chifukwa chake power bank ndi mabatire apadera saloledwa m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege, komwe kulibe dzanja lothira madzi. Malire odziwika ndi 100 Wh, omwe ndi pafupifupi 27,000 mAh pa manambala olembedwa pa power bank. Loposa pamenepo mpaka 160 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Kuyambira pa 1 Malichi 2025, South Korea inaletsa kuika power bank m'makabati a pamwamba. Singapore Airlines inaletsa kuzigwiritsa ntchito m'ndege kuyambira mu Epulo chaka chomwecho, ndipo Emirates inatsatira pa 1 Okutobala. N'chifukwa chakenso pa chilengezo amati foni ikagwera m'mphako ya mpando, musasunthe mpandowo koma muitane wothandiza. Zitsulo za mpando zikaifinya, imayaka.

Ndege ikatera, nkhondo imakhala isanathe. Pa 19 Ogasiti 1980 ndege ya Saudia inabwerera ku Riyadh itagwira moto m'chipinda cha katundu, ndipo inatera bwino lomwe. M'malo moima pomwepo, inapitiriza kuyenda pang'onopang'ono kwa mphindi zoposa ziwiri, injini n'kukhalabe zikulira kwa mphindi zina zitatu. Lamulo lotulutsa anthu silinaperekedwe. Opulumutsa atakwanitsa kutsegula chitseko patatha mphindi 23, anthu onse 301 anali atafa.

Ndege iliyonse yaikulu isanaloledwe kunyamula anthu imayesedwa ngati onse angatuluke m'masekondi 90 pogwiritsa ntchito theka la zitseko. Ku Haneda, mu mzinda wa Tokyo, pa 2 Januwale 2024, ndege ya Japan Airlines inawombana ndi ndege ina yaing'ono potera n'kuyaka. Anthu asanu a m'ndege yaing'onoyo anafa. M'ndege yaikuluyo utsi unadzaza, zokuzira mawu zinafa, ndipo zitseko zitatu zokha mwa zisanu ndi zitatu ndi zimene zinali zotheka kutsegula. Othandiza anthu anagwiritsa ntchito zimkuzamawu za m'manja ndi makosi awo. Anthu onse 379 anatuluka amoyo, ndipo akatswiri ambiri anatchula chifukwa chimodzi chachikulu: apaulendo anamvera, anasiya zikwama zawo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Amalawi mwachindunji. Kuthimathima kwa magetsi kwachititsa kuti power bank ikhale m'chikwama cha pafupifupi aliyense amene ali ndi foni yamakono, ndipo zambiri zimagulidwa pamsika, zopanda dzina lodziwika, zina manambala ake atafufutika. Amalonda opita ku Johannesburg, Dar es Salaam, Dubai ndi China amabwerera ndi mafoni ndi mabatire ogulitsa, ndipo chiyeso chowakwirira pakati pa zovala m'sutikesi chimakhala chachikulu. Wina akalandidwa power bank pa bwalo amaona ngati akuzunzidwa. Koma batire limodzi lotupa, lobisidwa pamalo osafikirika, likhoza kuyambitsa moto umene ogwira ntchito onse a m'ndege sangauthe.

Inu amene muli ndi ulendo wa pandege, power bank ikhale m'thumba la mpando kapena m'kachikwama ka kumapazi, pamene mukuiona. Ikakhala yotupa, yosweka kapena yotentha mwachilendo, isiyeni kunyumba. Mukakhala pansi werengani mizere ya mipando kuchokera pa inu kufika pa khomo lapafupi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa mu utsi mudzayenda ndi manja. Mukamva fungo la chinthu chopserera musachite manyazi, itanani wothandiza nthawi yomweyo. Ndipo akakuuzani kuti tulukani, katundu musiyeni.